ZA PA KHONDE: Mphatso ya Khrisimasi Tikaigule kwa Yani?

Mwezi wa Novembala uli kutha. Mvula yagwa m'madera ambiri, anthu abzala, ndipo posachedwa khasu lopalira lidzakhala pa phewa m'mawa uli wonse. Koma ngakhale nchito ya kumunda yachuluka chotere, m'nyumba zambiri ana ayamba kale kuwerenga masiku otsala kuti Khrisimasi ifike, ndipo makolo ao ali kuwerenga tindalama ta m'kathumba. Ena ali pafupi kulandira gawo lao ku banki mkhonde, pakuti magulu ambiri amagawana kumapeto kwa chaka. Ena agulitsa mbuzi kapena thumba la mtedza limene anasunga. Enanso ali kudikira uthenga pa lamya wochokera kwa mwana wao amene ali ku Lilongwe kapena ku Johannesburg.

Ndalama zimenezi zidzatuluka m'nyumba masabata anai akudzawa. Ife sitinena kuti muzimange pa mfundo ya nsalu osagula kanthu ai. Mwana ayenera kubvala chatsopano, agogo ayenera kukumbukiridwa, ndipo mkamwini amene apita kwa apongozi ake chimanjamanja pa Khrisimasi achititsa manyazi mtundu wake wonse. Anzathu Achisilamu a ku Mangochi ndi ku Machinga achita chimodzimodzi pa Idi, ndipo mau awa ndi aonso. Chimene tifuna kukambirana lero, inu abambo ndi amai a m'midzi, ndi ichi: ndalamazo zikachoka m'manja mwanu, zikalowe m'manja mwa yani?

CHIFUKWA CHIANI TIMAYANG'ANA KUTALI?

Ambiri a ife tikamva mau akuti mphatso, maganizo athu amathamangira ku chinthu cha m'pepala lonyezimira chochokera kutali. Mphasa yoluka a kuseri kwa dambo sitiiyesa mphatso, ngakhale ikhale yokongola motani. Maganizo amenewa sitinabadwe nao, tinachita kuphunzira, ndipo akuluakulu akudziwa kumene tinawaphunzira.

Kwa zaka zambiri amuna a dziko lino ankapita ku migodi ya ku South Africa ndi Wenela, ena ku mafamu ndi migodi ya ku Rhodesia. Pobwerera ankadza ndi sutikesi yachitsulo, mabulangete, jekete, galamafoni, ena mpaka njinga kapena makina osokera. Mudzi wonse unkasonkhana kudzaona katunduyo ali kumasulidwa. Boma linaimitsa ulendo wa Wenela mu 1974, ndege itagwa ku Francistown ndi kupha amuna athu oposa 70, ndipo ngakhale kulemba anthu kunayambanso pambuyo pake, kunatheratu mu 1988. Ulendowo unatha, koma chizolowezi chinatsala m'mitima: chabwino ndi chimene chakwera sitima.

Komatu makolo athu sanali anthu osowa luso. Pamene David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire mu 1859, anapeza Amang'anja ali kulima thonje, kupota ulusi ndi kuomba nsalu zao, ndipo m'midzi yambiri munali ng'anjo zosungunulira chitsulo ndi osula makasu, nkhwangwa ndi mipeni. Kampani ya African Lakes, imene anthu anaitcha Mandala, inayamba mu 1878, ndipo pang'onopang'ono nsalu ndi makasu a m'sitolo zinagonjetsa za m'mudzi. Woomba nsalu analeka, ng'anjo zinazima. Sitilira maliro a zimenezo lero, pakuti palibe amene afuna kubwerera ku nyanda. Koma amisiri amene atsala pakati pathu, telala, kalipentala, wokhoma zidebe, woumba mbiya, woluka mphasa ndi malichero, angathenso kuzima monga zinazimira ng'anjo, ngati ife amene tikhala nao tiwalambalala chaka ndi chaka pa nthawi yokhayo imene tiri ndi ndalama m'manja.

ULENDO WA NDALAMA

Tiyerekeze kuti bambo wina ali ndi K20,000 ya mphatso za ana. Akwera kabaza kupita pa boma, ndipo kabazayo yadya kale gawo lake popita ndi pobwera. Pamsika agula kagalimoto ka pulasitiki kolira ndi mabatire, magalasi a dzuwa, ndi nsapato zonyezimira zomata ndi guluu. Ana akondwa, sitikana. Koma mnyamata wogulitsayo atsala ndi pang'ono pokha. Zambiri apereka kwa wopikulitsa ku Limbe kapena ku Lilongwe, ndipo wopikulitsayo apita nazo ku banki kukazisintha kuti zikhale madola, chifukwa kumene kuchokera katunduyo salandira kwacha. Ndalama ija yatuluka m'mudzi tsiku lomwelo, yatuluka m'dziko mwezi womwewo. Kagalimoto kaja kathyoka gudumu Nyuwele isanafike, ndipo nsapato zija zamatuka pa matope oyamba.

Tsono tiyerekeze bambo mnzake amene wapereka K20,000 yake kwa telala wa pa khonde la golosale. Telalayo agula nkhuku ya Khrisimasi kwa mai wamasiye wa m'mudzi momwemo. Maiyo alemba anyamata awiri ganyu yopalira, chifukwa yekha sakadatha munda wonse udzu usanakule. Anyamatawo apita ku chigayo, agula mchere ndi sopo pa okala ya mnansi wanu, ndipo mwina mmodzi wa iwo ndi mphwanu. Ndalama imodzimodziyo yagwira nchito kanai kapena kasanu isanachoke pakati panu, ndipo yapalitsa munda umene ukadagonja ndi udzu. Potsiriza idzachoka ndithu, pakuti ulusi, singano ndi mafuta a chigayo zichokera kunja. Koma kusiyana kwake kuli pa nyumba zimene yalowamo isanapite.

Pali chinanso chimene onse achiona. Mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndipo inatsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Nthawi zonse ziwirizo, katundu wochokera kunja anakwera mtengo sabata yomweyo. Bango la kudambo, nsungwi, mlaza ndi dothi la mbiya sizigulidwa ndi madola. Mmisiri akweza mtengo wake pang'ono chifukwa nayenso agula sopo ndi feteleza, koma sakweza monga akwezera a m'sitolo.

Nzeru imeneyi si yachilendo. Ku Japan, m'chigawo cha Oita, anayamba mu 1979 kulimbikitsa mudzi uli wonse kuti ukhale ndi chinthu chimodzi chimene upanga bwino ndi kutchuka nacho. Dziko lathu linatengera nzeruyo mu 2003, ndipo magulu ena a alimi anayamba kuyenga mafuta ophikira, kupuntha ndi kulongedza mpunga, ndi kuika uchi m'mabotolo. Mu 2016 Boma linakhazikitsanso ndondomeko yolimbikitsa anthu kugula katundu wopangidwa m'Malawi. Koma ndondomeko iri pa pepala ku likulu siigula lichero ngakhale limodzi. Wogula lichero ndinu.

TELALA APATSIDWE NSALU TSOPANO

Tiyambe ndi chobvala, pakuti ndicho chimene ana achiyembekeza koposa. Kaunjika watithandiza, tisaname. Banja la ana asanu ndi mmodzi silingathe kusoketsa zonse, ndipo juzi la mwezi wa Juni lipezeka msanga pa mulu wa kaunjika. Koma kaunjika yemweyo ndiye wasiya matelala ambiri ali kungosoka zigamba ndi kuchepetsa mathalauzi a anthu a kutsidya kwa nyanja. Munthu amene anaphunzira kudula diresi ndi jekete ali kukhala tsiku lonse kudikira wong'ambika thumba.

Ngati simungathe kusoketsa zonse, soketsani chimodzi, ndipo ife tinena kuti chikhale yunifolomu ya sukulu. Teremu yachiwiri iyamba mu Januwale, mwezi umene nkhokwe zambiri zayamba kulira ndipo ndalama zonse zapita ku feteleza wobereketsa. Kholo limene lasoketsa yunifolomu mu Disembala lachotsa bvuto limodzi pa mutu wa Januwale. Wina adzati, kodi yunifolomu ndi mphatso? Funsani mwana amene anatha teremu yoyamba ali kubisa chigamba cha pa kabudula ndi kope lake. Ndipo ngati nsalu yatsalako, telala wabwino asoka kathumba ka makope ndi zidutswazo.

Telala ali ndi ubwino umene mulu wa kaunjika ulibe: amuyesa mwanayo. Muuzeni kuti apinde mpendero waukulu ndi kusiya nsalu m'mbali, kuti chaka chamawa mwana akakula angomasula. Msoko ukamasuka mudziwa khonde limene akhala. Za amai, nsalu ya chitenje yambiri ichokera ku Tanzania, ku Zambia ndi ku China, ngakhale ina idindidwa ku Blantyre konkuno. Musabvutike nazo kwambiri. Nsalu ingakhale ya kunja, koma kudula ndi kusoka kukhale kwa mnansi wanu, pakuti pamenepo ndi pamene pali malipiro a manja.

Koma pitani sabata ino. Matelala onse adziwa khamu limene lidza pa 22 ndi 23 Disembala, munthu ali yense ali ndi nsalu m'khwapa ndi mau akuti mawa m'mawa ikhale itatha. Chosokedwa usiku pa nyali ya koloboyi, telala ali ndi tulo m'maso, chituluka dzanja limodzi lalitali. Ndipo mlandu wake sukhala wa telala yekha.

ZA M'KHITCHINI NDI ZA PABWALO

Abambo ambiri akafuna kukondweretsa amai a kunyumba aganiza za nsalu basi. Nsalu njabwino. Koma taonani kaye pamene amaiwo atha tsiku lao. Nthawi ya mvula nkhuni zinyowa, utsi udzaza m'khitchini, maso afiira, ndipo mtolo umene kale unkapezeka kuseri kwa mudzi tsopano uli ulendo wa maora. Pali mbaula yadothi yotchedwa Chitetezo, imene magulu a amai aumba ndi kuotcha m'maboma ambiri, monga Mulanje ndi Balaka. Idya nkhuni zochepa poyerekeza ndi mafuwa atatu, iyaka ndi zitsononkho, mapesi ndi tinthambi ta nandolo, ichepetsa utsi, ndipo inyamulika kupita pa khonde mvula ikakata. Mu 2013 Boma linaika cholinga chakuti mbaula zosaononga nkhuni zifike 2 miliyoni pofika 2020, ndipo chifukwa cha icho oumba ake anachuluka. Funsani alangizi a kwanu kapena a zankhalango, adzakuuzani gulu limene liri pafupi. Pogula, igogodeni ndi chala. Yopsa bwino ilira ngati belu, yosapsa kapena yamng'alu ilira ngati chikuni chobvunda. Mbiya ndi mtsuko ayesa chimodzimodzi.

Wokhoma zidebe nayenso ali ndi zake: ndowa, sefa, chibekete chophikira madzi, ndi keni yothirira mbeu. Mnyamata amene wayamba dimba mukampatsa keni, mwampatsa chinthu chimene adzachigwira m'mawa ndi madzulo kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Ndowa ya pulasitiki ikang'aluka yatha, koma ya malata ibwerera kwa mmisiri wake, aikhoma tako latsopano, ndipo iyambanso moyo wina.

Kwa agogo, mphasa yatsopano ya bango kapena mkeka wa mlaza. Nkhalamba zambiri zigona pa mphasa yothetheka imene bango lake libaya nthiti, ndipo sizinena, chifukwa siziri kufuna kubvutitsa ana. Kwa agogo aamuna, mpando wa ndalema wokhoma kalipentala wa pa msika. Kwa mtsikana amene walowa m'banja chaka chino, lichero, nsengwa, mthiko ndi chipande. Zinthu zimenezi nzotsika mtengo, ndipo chifukwa cha icho anthu achita nazo manyazi. Manyaziwo ngopanda pake. Alendo ochokera ku Ulaya aima pa mseu kugula madengu ndi mipando yathu yoluka, napita nazo kwao pa ndege. Ku Dedza kuli fakitale ya mbale ndi makapu a dothi imene inayamba mu 1987, ndipo ku Mua, m'boma lomwelo, malo a KuNgoni akhala ali kuphunzitsa osema kuyambira 1976. Za kumeneko zafika m'maiko ambiri. Ife tokha eni dothi ndife tiyesa kuti dothi si mphatso.

Ana ang'ono musawaiwale. M'mudzi uli wonse muli mnyamata wodziwa kupinda galimoto ya mawaya yokhala ndi chiongolero chake. Mpatseni kangachepe kuti apangire mng'ono wake wa nyumba yanu. Ikapindika aiongola pomwepo, ndipo siifuna mabatire.

MPHATSO ZAMOYO

Pali mphatso zina zimene zikula. Mlimi azidziwa bwino kuposa munthu wa m'tauni, koma kawirikawiri aiwala kuti nazonso ndi mphatso.

Msoti umodzi wopatsa mdzukulu, womuuza kuti uyu ndi wako, usamale, uphunzitsa mwana zambiri. Ukaikira ndi kufungatira masiku 21, mwanayo ali ndi anapiye, ndipo pakutha pa chaka angathe kugula yekha makope. Akale anati kupatsa nkuika, ndipo pa nkhuku mau amenewa aoneka ndi maso. Koma chenjerani ndi chinthu chimodzi. Nyengo ya zikondwerero nkhuku ziyenda kwambiri, pa njinga, m'mabasi ndi m'misika, ndipo chitopa chiyenda nazo. Nkhuku imodzi yogula pa msika kwa munthu wosamdziwa ingathe kupululutsa khola lonse la amene mwampatsayo, ndipo mphatso yasanduka maliro. Gulani kwa mnansi amene khola lake mulidziwa, amene nkhuku zake zinalandira katemera wodontheza m'diso uja, amene abwereza miyezi inai iri yonse. Ndipo wolandirayo aisunge payokha masabata awiri isanasakanizike ndi zinzake. Apanso muona kuti kugula pafupi kuposa kugula kutali.

Mbande za mitengo ya zipatso ndi mphatso ina ya nyengo yomwe ino. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno iyamba pa 15 Disembala ndi kutha pa 15 Epulo, motero mbande yopatsidwa pa Khrisimasi ipeza nthaka yonyowa ndi mvula ya miyezi itatu kutsogolo kwake. M'midzi yambiri muli anthu ndi magulu amene ali ndi nazale zao. Mango omezanitsa ayamba kubereka pa zaka 3 kapena 4, pamene obzala ndi khokho adikiritsa zaka zambiri. Papaya sachedwa, chaka chimodzi chikwanira. Popereka mbande perekani ndi nchito yake: kumbani dzenje, thirani manyowa, ndipo muitchingire ndi minga kapena nsungwi. Mbande yosatchingira si mphatso ya mwana ai, ndi mphatso ya mbuzi.

Za kudya sitichulukitsa mau. Mpunga wa pa Khrisimasi ukhale wa alimi athu, Kilombero wa ku Karonga kapena Faya wa ku nyanja, ndipo fungo lake lidziwika nyumba yachitatu. Shuga apanga ku Nchalo ndi ku Dwangwa, tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje. Izi simungazipange nokha, koma mungazigule pa golosale ya m'mudzi m'malo mokwera galimoto kukazitenga pa boma. Botolo la uchi wa mlimi wa njuchi amene mumdziwa, chiponde chosinja bwino, nsengwa ya mtedza, chigumu chophika amai a pa sukulu paja: wachibale wa m'tauni akondwera nazo koposa bisiketi, pakuti bisiketi ali nayo kale pa khomo pake.

MTENGO NDI NGONGOLE

Pano tinena mau owawa pang'ono. Munthu yemweyo amene alowa m'sitolo yaikulu, naona mtengo wolembedwa pa pepala, nalipira wosatsegula pakamwa, akafika kwa gogo wogulitsa mphasa asanduka nkhalampasa wa malonda. Achotsa theka la mtengo, ayamba kuchoka, abwerera, achotsanso. Gogoyo abvomera chifukwa dzuwa lapendeka ndipo kunyumba kulibe ufa. Kodi munawerengapo nchito iri m'mphasa imodzi? Kukadula bango kudambo, kulisenza, kuling'amba, kuliyanika, kupota chingwe, ndi kusoka bango limodzilimodzi msana uli chowerama. Kunenerera ndi mwambo wa msika, ndipo wogulitsa aliyense auyembekeza. Koma pali kunenerera ndipo pali kulanda.

Choipa choposa ndi ngongole ya chibale. Mmisiri wa m'mudzi sangathe kukana atsibweni ake, alamu ake, kapena a mfumu. Onse atenga katundu ndi mau akuti tidzaonana tikakolola. Kukolola kuli mu Epulo kapena Meyi. Pakati ponsepo kalipentala alibe ndalama yogulira matabwa ena, ndipo telala alibe ya ulusi. Magolosale ambiri a m'midzi amene mwaona atatsekedwa sanatsekedwe ndi akuba ai, anatsekedwa ndi kope la ngongole lodzaza maina a abale. Ngati mufuna kuthandiza mmisiri wa kwanu, perekani theka poitanitsa kuti agulire zipangizo, ndi theka lotsala tsiku lotenga. Ngati ndalama palibe, kambiranani poyera za kusinthana ndi nyemba, nkhuku kapena tsiku la ganyu, ndipo mupereke tsiku limene mwanenalo. Mphatso imene mwapatsa apongozi koma mwini wake simunamlipire, wapereka ndi mmisiriyo, si inu.

NANUNSO AMISIRI

Tsono titembenukire kwa inu a manja aluso, pakuti mlandu suli mbali imodzi. Anthu ambiri amene athawira ku katundu wa m'sitolo anayamba apsa kwa inu. Telala alandira nsalu za anthu makumi awiri, ali kudziwa bwino kuti makina ake angathe khumi zokha, ndipo pa 24 Disembala atseka chitseko nazimirira. Kalipentala akhoma mpando ndi matabwa aawisi, ndipo pofika Ogasiti mpandowo wayamba kugwedera ngati dzino la nkhalamba. Woumba afulumira kuotcha mbiya isanaume, pakuti nthawi ya mvula dothi lichedwa kuuma, ndipo ing'aluka pa moto woyamba. Wa uchi athiramo madzi a shuga. Ali yense wa awa apha malonda a anzake khumi amene agwira nchito moona.

Nenani tsiku limene mungathe, osati limene wogula afuna kumva. Nchito ikachuluka kanani, kapena mtumizeni kwa mnzanu. Bwezani zidutswa za nsalu kwa mwini wake osadikira kuti afunse. Chinthu chikaonongeka msanga chifukwa cha dzanja lanu, chikonzeni osalipiritsa. Sitolo ya mu mzinda siingathe kuchita zimenezi, ndipo ndi pokhapo pamene inu muiposa.

Ndipo samalani kumene mutenga zipangizo. Mkungudza wa pa phiri la Mulanje ndi mtengo wa fuko lathu, koma unadulidwa kufikira kuti mu 2017 ofufuza anapeza mitengo ikuluikulu yosakwana khumi pa phiri lonselo, ndipo tsopano anthu ali kubvutika kubzala ina. Bokosi lonunkhira la mkungudza lisagulidwe ngakhale wogulitsa akhale mbale wanu. Mpando wa bulugama kapena wa paini wobzala ukhalika chimodzimodzi. Oluka nao asazule nsungwi ndi mizu yomwe, ndipo asatenthe dambo limene liwapatsa bango.

KWA ANA ATHU A KUTALI

Tidziwa kuti nyuzi ino ifikanso kwa ana athu amene ali m'mizinda ndi kunja kwa dziko, ndipo ena awerengera makolo ao pa lamya. Inu mubvutika chaka chiri chonse kutumiza zikwama pa basi, kulipira katundu ndi msonkho wa pa chipata, ndipo nthawi zina diresi lifika losakwana. Masiku ano ndalama ifika m'mudzi tsiku lomwelo pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo a ku South Africa atumiza pa Mukuru ndi njira zina. Yesani chaka chino kutumiza ndalama pamodzi ndi mau ake: iyi nja telala kuti asokere amai, iyi nja kalipentala kuti akonze chitseko cha agogo, iyi nja mbande zisanu za mango. Sankhani munthu mmodzi wokhulupirika kuti ayendetse, ndipo akutumizireni chithunzi zikatha. Foni, nyali ya sola ndi zina zimene kuno sizipangidwa, tumizani ndithu, palibe akuletsani. Koma chimene chingapangidwe kwanu, chipangidwe kwanu.

Ana akakuthamangirani pa mseu ndi mau ao aja akuti Khrisimasi bokosi, mwina simudziwa kumene anachokera. Ndi mwambo wa ku England, kumene tsiku lotsatana ndi Khrisimasi, pa 26 Disembala, anthu ankapatsa kabokosi ka ndalama kapena mphatso kwa anchito ao ndi amisiri amene anawatumikira chaka chonse. Eni mwambowo ankakumbukira mmisiri pa tsikulo. Ife tinatenga dzina lokha.

Potsiriza, chokulungira. Majumbo opyapyala, osafika mamaikiloni 60, analetsedwa ndi malamulo a 2015, ndipo bwalo lalikulu la apilo linatsimikiza chiletsocho mu 2019. Ali yense amene anatumbulapo mbuzi yoonda napeza mpira wa majumbo m'chifu mwake adziwa chifukwa chake. Mpunga ndi shuga wa apongozi muike mu nsengwa yatsopano, mubvundikire ndi lichero, mumange ndi chitenje. Akamasula adzapeza kuti nsengwa, lichero ndi chitenje nazonso ndi zao, ndipo pabwalo sipatsala chinthu choti mbuzi itole.

Amene mufuna mbiya kapena mbaula, kaitanitseni msika wa sabata ino, chifukwa oumba ambiri aleka kuotcha mvula ikakhazikika, ndipo zimene ali nazo tsopano ndi zomwezo. Sabata yamawa tidzakamba za kasungidwe ka mbatata ya kholowa ndi nthawi yabwino yookera.